Mphika wanu wa khosi lalitali

Amayi, kumene mudapitako kukucha bwanji? Kuno kwa Mbenje kumangocha poti dzuwa silifunsa munthu.

Chikuikireni m'manda, madzi a Shire adalowa m'mudzi nadya mapira onse. Bambo a kunyumba adawatenga utengatenga, kukasenza katundu ku nkhondo ya azungu, mpaka lero zii. Mimba mudandisiya nayo ija idabala mwana wamkazi, ndipo ndidamutcha dzina lanu, Chanaze. Akudwala, Amayi. Thupi lili moto, liwombo lalowa, bere akukana. Ndidapita ku ula, ula nkugwira inu. Akuti muli ndi ludzu, mukufuna nsembe ya kachasu wa masau, yemwe uja munkatcheza ndi manja anu.

Ha, Amayi! Ameneyo ndimtenge kuti ine? Mphika wanu wa khosi lalitali udaphwanyika pa chigumula chija, khoma litaugwera. Mpope wa mfuti wotchezera ulipo, mwadiya, kabwato ka madzi oziziritsa mpope kaja, ulipo, koma mwini nkhani udali mphika. Paja munkati nthunzi yaulemu imakwera mpaka pamwamba, yamwano imatopera panjira. Khosi lija linkabweza zoipa zonse pansi, ndipo kumpope kunkadontha zoyera mbee, zonunkhira masau okhaokha.

Ndayesa chitini cha palafini chimene ndidapempha kwa anthu a sitima, chotuluka ndi fungo la nyale basi. Ndabwereka mphika wa apongozi anga, wa khosi ngati la chule. Kachasu wake ndi wa mbuu, wokanda kummero, moti ngakhale asodzi aja osasankha adalavula. Ndaumba yanga, koma khosi limagwa dongo lisanaume, ndipo imene yaima imang'aluka pamoto. Manja anu mudapita nawo. Mukamaumba munkandithamangitsa kuti ndikaingitse mbalame kumunda, mukuti nthawi ilipo. Ili kuti nthawiyo, Amayi?

Masau nawo atha m'mitengo. Mtsuko wotsiriza ndatcheza dzulo mumphika wa apongozi womwewo. Ndalawa, ndakhala pansi, ndalira.

Mawa ndibwera naye kachasuyo kumanda kwanu, poti wina ndilibe. Ndikudziwa mukwinya nkhope. Inu simunkabisa mawu pa mowa woipa, ngakhale pa maliro a eni ake. Nditukwaneni kutulo, ndithamangitseni ndi chikuni ngati kale, koma mumeze, Amayi. Tsinzinani mumeze. Dzina lanu ndidaliperekeza kale kumanda kamodzi, mphamvu zoliperekezanso ndilibe.

Mukandisiyira mwanayu, ndikulonjeza kuti ndidzakhalira dongo mpaka khosi liime, zala zithe zisathe, ndipo masau oyamba a chaka chamawa adzakhala anu.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene mpaka lero lino anthu akadanditchula kuti

Make Chanaze