Miyezi itatu ya mphutsi

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha kwambiri, ndipo mtima ukadali kugunda.

Lero kilabu yathu ya azimayi inali ndi wekishopu ku Katondwe. Tifuna kumagulitsa nsomba zouma kwa mayi wina wa ku Lusaka. Iye aziitanitsa pa foni ya ku positi, ife tizikweza pa basi. Ambiri anafuna kumulonjeza za chaka chonse lero lomwe. Aphunzitsi a wekishopuyo anakana. Analemba miyezi yonse pa bolodi, nati, "Tiyende nayo umodziumodzi."

Atafika pa Januwale, onse anati nsomba zidzakhalapo. Koma ine amene ndimazitembenuza pathandala ndidziwa kuti nthawi ya mvula siziuma, zimagwa mphutsi. Ndinanong'oneza Amake Filipo. Iwo anakuwa, "Imwe, kosalankhula aka kali ndi mawu! Nyamuka Rosa, sitikudya."

Ndinanyamuka, ndinanena za mphutsizo. Kenaka aphunzitsi anafufuta miyezi itatu ya mvula ndi dzanja lawo. Tikanalonjeza, mayiyo akanalandira zowola, osatiyimbiranso.

Mawu anga afufutitsa choko cha munthu wophunzira! Ndawauza amayi anga, angoti, "Iwe?" Inenso mpaka pano sindikukhulupirira…