Phesi la mpunga lili m'kalatamu

Wokondedwa mwana wanga Tusekile,

Ughonile kumeneko ku Joni? Kuno ku Lupembe tili bwino, kungoti bondo la amayi ako lija likuvutabe.

Gitala unanditumizira ija inafika, ndagha fijo, zikomo kwambiri. Koma ndisakubisire, inandichititsa manyazi kukwaya. Ndikati ndidinde nsambo imodzi, chala chimagwira ziwiri, nyimbo n'kusokonekera. Ndinaganiza kuti ukalamba wandilanda zala, mpaka ndinauza amayi ako kuti paukwati wa mng'ono wako sindidzaimba.

Lachitatu ndinakacheza kwa a Mwafongo, akalipentala aja. Nditagwira gitala yawo yakale, nyimbo inangoyenda yokha! Iwo anaseka.

"Zala zanu zilibe mlandu," anatero. "Onani kafupa aka kakumutu, kamene nsambo zimadutsapo. Kanga n'kotambalala, ndiye nsambo zatalikirana. Yanuyo anapangira zala za muofesi, osati za khasu."

Tinayeza tifupa tonse tiwiri ndi phesi la mpunga. Kusiyana kwake sikukwana n'komwe kutalika kwa njere imodzi ya mpunga. Kanthu kochepa chonchi n'kufuna kundisiyitsa kuimba? Mpaka lero ndikudabwabe.

Phesilo ndalidula pa muyeso wa gitala ya a Mwafongo. Upite nalo kusitolo unagulako kuja, ukafunse ngati zotambalala chonchi zilipo, ndiponso chifukwa chake amazipanga zosiyana. Ndikufuna kudziwa basi. Paukwati ndidzaimba ndi yobwereka, usadandaule.

Ambuye akusunge, mwanawe. Phesilo usalithyole, ndi muyeso wa dzanja limene linakulera.

Ndine bambo ako.