Apongozi Pampando Wakumbuyo

Loweruka, 8 Juni

Lero apongozi andiyalutsa pamaso pa anzanga. Sindidzaiwala.

Wolakwa ndi Madamu, akazi anga. Akuti, "Atengeniko Bambo kugalaja kwanuko, chidwalireni sitiroko ija akungokhala ndwii m'chipinda." Ndinawatenga. Kugalaja kwa Dotolo wa mano nkumene timakumana Loweruka lililonse kuulutsa ndege za pakompyuta. Tinakhoma bokosi la mapulanga la mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, uliwonse ndi ndodo yake yowongolera, kutsogoloko masikirini atatu. Mawaya onse ndinalumikiza ndine, ine wokonza mafotokope amene anthu amandiderera. Chaka chino tapenga ndi kajeti kakalekale kophunzitsira asilikali. Timakatcha Ketulo chifukwa cha kaliridwe ka injini yake.

Mkangano unali womwe uja: ukakankha moto wonse mwadzidzidzi, injini ya Ketulo imatenga masekondi angati kuti idzuke? Ine ndakhala ndikulemba pagulu lathu la pafoni kuti sikisi, ndipo palibe ankanditsutsa. Ndili mkati mofotokozera mnzathu Ndevu, apongozi ali pampando wapulasitiki ndi kapu ya tiyi anangoti, "Khumi ndi awiri kukatentha, akamwini. Amene ankawerenga sikisi tinkakawatola ndi fosholo kumapeto kwa bwalo."

Chikhakhali! Ndevu mpaka kugwira nthiti. Dotolo anafunsa ngati anaikwerapo yeniyeni. Zaka khumi ndi zinayi akuphunzitsa anyamata a usilikali ali pampando wakumbuyo. Ine ndinkadziwa, koma anzangawa sindinawauzepo, poti nzeru zambiri zimene ndimatchuka nazo pagulu ndimazitola kwa iwo patebulo. Sikisi yekhayo ndiye ndinapeka ndekha.

Lamulungu, 9 Juni

Pagulu mauthenga mbwee, onse "tafunsani a Kaputeni". Ndevu wayamba kunditcha Sikisi. Atambala awiri salira khola limodzi.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndinamva Madamu ali pafoni kukhitchini ndi alamu, akulu awo aja a unamwino. Alamu akufuna Bambo asamukire kwawo, ulendo wa maola anayi, akawayang'anire okha. Nkhalamba ikukana kwamtuwagalu. Ikuti nyumba ino inamanga yokha, apongozi aakazi anatsirizikira m'chipinda chachikulucho, ndipo idzatulukamo ili chogona. Agwirizana kuti awaone mwezi uno. Dzanja ndi mutu zikakhala bwino, akhala pano ndi makiyi a galimoto yawo. Zikavuta, azipita.

Chipinda chimenecho ndi mamita anayi kwa asanu. Zenera limodzi lokha, losavuta kutchinga. Zipangizo za bokosi langalanga zatha zaka zitatu zili m'makatoni pansi pa bedi, ife tikupanikizana m'kachipinda koyang'ana kuthanki. Munthu mmodzi, wogona ngati chipika, mamita onsewo achita nawo chiyani?

Lachinayi, 13 Juni

Ndachita chija.

Nthawi ya nkhomaliro ndinadutsa kwa Dotolo, ati kukamanga waya wolendewera. M'bokosimo muli batani lopatsirana ndege. Wakumbuyo akalidina, kanyale kobiriwira kamayaka kwa iye ndipo ndodo yakutsogolo imafa. Ndasintha kuti kanyale kaziyaka, koma ndege izikhalabe m'manja mwa wakutsogolo. Mphindi zisanu basi. Mapulanga a m'mbali ndi aatali, manja saoneka.

Chimene chandipatsa nzeru ndi khalidwe la Bambo omwewo. Aphunzitsi a ndege amanena chinthu asanachichite kuti wophunzira azitsatira, ndipo iwo chinawalowa m'magazi. Ngakhale pagalimoto: "Ndikuchepetsa liwiro. Ndikuyang'ana pagalasi. Ndikukhota." Zaka zisanu ndi zitatu chakhala chikundinyansa. Loweruka chindigwirira ntchito.

Loweruka, 15 Juni

Bambo anavala jekete ndi nsapato zopolisha, ngati akupita kukalandira mendulo. Dotolo anawagwira mkono powakweza kumbuyo, ine kutsogolo. Ndevu foni m'mwamba, akujambula.

"Ndatenga," anatero m'mahedifoni.

"Mwatenga, Bambo."

Ponyamuka ndinawatsatira bwinobwino. Akati ndikukweza mphuno, ine ndakweza. Akati matayala m'kati, ine ndalowetsa. Ndinawamva akuseka chapansipansi kumbuyoko, kaseko kamene sindinakamvepo chimwalirire akazi awo. Anati, "Kadakali kaulesi komwe kaja." Anyamata kuwomba m'manja.

Potera ndi pamene ndinayamba. "Ndikupendekera kumanja pang'ono." Ndinawerenga mumtima, wani, thu, kenako ndinapendeketsa mopyoza. "Ndikubweza." Ndinachedwanso. Ketulo inayamba kuvina, phiko linakhudza pansi, sikirini yonse moto psuu.

"Tibwereze," anatero.

Kachiwiri tinagwera mu udzu. Kachitatu tinalasa kanyumba ka alonda. Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinandikomera kuposa chikhakhali. Nditatembenuka ndinawapeza akuyang'ana dzanja lawo lamanja, akulitambasula ndi kulifumbata ngati labwereka. Dotolo anati mwina ndi kusazolowera kompyuta. Iwo anati, "Ayi. Ndege ili bwino. Ndinkaituma, koma uthenga unkafika mochedwa."

Ndinadya bwino kwambiri madzulo ano.

Lolemba, 17 Juni

Kanema wa Ndevu ndamuonetsa Madamu. Ndinayamba ndakana kawiri, nkhope yachisoni, kuti achite kundilanda foni. Anaonera katatu, dzanja pakamwa, nkutumiza kwa alamu.

Nkhalamba yagula kampira ka mphira. Tsiku lonse fwinyu fwinyu pakhonde. Patebulo supuni inawapulumuka, yokha, ine osaikhudza. Kale akanangoitola. Lero anaiyang'ana pansipo nthawi yaitali mpaka Madamu anathawira kubafa kukalira.

Pagulu wina wafunsa za mathanki a kunsonga kwa mapiko, ngati uyenera kuwakhuthula usanazungulitse ndege. Wafunsa ine.

Lachitatu, 19 Juni

Bambo akuti Loweruka tipitenso. Mphuno salota, koma iyi ndiye ikudziponya yokha pamoto.

Loweruka, 22 Juni

Zandivuta.

Tinanyamuka bwino ngati sabata yatha. Tili m'mwamba, poyera, popanda chovuta chilichonse, anati, "Ndikukhotera kumanzere." Ndinakhotera kumanzere, mwaulemu ndithu, poti nthawi yowagwetsa inali isanakwane. Kenako ndinamva akuvula mahedifoni. Anatsika okha, kukana mkono wa Dotolo, nkukakhala m'galimoto.

Titafika pamaloboti a pafupi ndi kwathu, Bambo anati:

"Akamwini, ndodo ija ine ndinakankhira kumanja."

Anapitiriza.

"Ndinanena kumanzere dala. Ndege inamvera pakamwa panga, osati dzanja langa. Wophunzira amene ankaumirira ndodo mobisa ndinkamugwira choncho. Inu ndinu wachisanu ndi chiwiri."

Galu wamkota sakandira pachabe. Ndinawatsitsa pageti, ndinati ndaiwala chaja, nkubwerera kwa Dotolo liwiro la mtondo wadooka. Batani ndalibwezera mwakale.

Lamulungu, 23 Juni

Alamu anafika m'mawa, anaitanidwa ndi Bambo omwe. Tinakhala pabalaza anthu anayi. Nkhalamba inafotokoza zonse mwadongosolo, osakweza mawu: batani, kanyale, kuchedwa kwa ndege, msampha wa dzulo. Mmene amafotokozera, ngakhale ine ndikanakhala woweruza ndikanadzimanga.

Madamu anandiyang'ana. "Inu, zimenezi nzoona?"

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinayankha mofatsa, maso pansi. "Ine sindingakangane ndi Bambo. Koma mwadzimvera nokha. Akuti pakamwa pananena kumanzere, dzanja linapita kumanja."

"Dala!" anakuwa Bambo. "Ndinachita dala!"

Alamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kugwedeza kwa kuchipatala kuja. Anati odwala otere amatero, dzanja likawanyenga amasaka womuloza chala, ndipo amayambira amene amawasamala kwambiri. Amene amawasamala kwambiri! Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

Bambo anati aimbireni Dotolo, ayese ndodoyo. Madamu anaimba, foni pa sipika. Tinadikira, tikumva Dotolo akutsekula galaja, akuyatsa makina. Kenako: "Ndodo yakumbuyo ikugwira bwinobwino, mayi. Kumanja kumanja, kumanzere kumanzere. Pepani kwambiri."

Bambo anakhala pansi. Ndinali ndisanaone kuti anali ataimirira.

Lachitatu, 26 Juni

Makiyi a galimoto apereka okha, anawasiya pafiriji. Kampira kaja ndakapeza m'bini.

Masiku atatu osandiyankhula, koma si mkwiyo ayi. Mkwiyo ndimaudziwa. Amandiyang'ana ngati munthu amene akuyesa kukumbukira maloto. Dzulo ndinawamva akufunsa Madamu kukhitchini, "Kodi mwanawe, Loweruka lija ndinakuuza ndisanapite kuti ndikukatchera msampha? Kapena ndinaganiza pambuyo pake?" Madamu anati sanawauze kanthu. Iwo anati, "Oho."

Pagulu Ndevu walemba kuti mwina khumi ndi awiri uja analinso mutu wa ukalamba. Onse adikira ine. Ndayankha kuti tiwalemekeze akuluakulu, koma ndi sikisi.

Lachisanu, 28 Juni

Madamu akulongedza. Andifunsa ngati ndingakonde chipindacho ndiikemo zidole zanga, poti ndapirira zambiri mwezi uno. Ndati tiona, si zachangu. Tepi yoyezera ili kale m'thumba la buluku.

Loweruka, 29 Juni

Galimoto ya alamu inafika cha m'ma naini. Masutikesi awiri, wailesi, chithunzi cha apongozi aakazi chokulunga m'thaulo. Bedi akuti lisatsale, koma silinakwane, latsala. Kugalaja sindinapite, ndinati ndithandize kunyamula.

Ndinkafuna zithe msanga. Ndinkayembekeza kuti pomaliza andilavulira mawu, ndipo yankho ndinali nditakonza kale.

Atafika pachitseko cha galimoto Bambo anabwerera. Anayenda mpaka pamene ndinaima, anavula chipewa, anagwira dzanja langa ndi manja awiri. Dzanja lija lamanja linandifinya mpaka mphete inandiluma chala. Lilibe vuto lililonse dzanja limenelo.

"Akamwini, ndinakunamizirani pamaso pa akazi anu. Ndaganiza masiku onsewa. Mwina ndodo ija sindinakankhire kumanja. Mwina ndinangofuna kutero. Munthu mwandisunga zaka zonsezi, mwanditengera kwa anzanu kuti ndisangalale, ine nkukulipirani zotere. Mutu wangawu ndi umene wandipereka. Mundikhululukire, mwana wanga."

Ndinafufuza m'maso mwawo kuti mwina ndi msampha wina. Ndinafufuza ndithu, ndinkaufuna. Munalibe. Munali misozi basi, ndi manyazi.

Alamu akufwenthera m'kampango. Madamu anandigunda ndi chigongono.

"Inu, Bambo akudikira. Ayankheni."

Sanandisiye dzanja mpaka ndinanena. Ndinati, "Ndakukhululukirani, Bambo."

Anati zikomo.