Loto la pichesi ndinalipatsa mwana wina

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 71. Kumpingo kwathu akupanga kanema wotsutsa kuchotsa mimba, ndipo ankafuna amayi opereka umboni. Adikoni Pyo, omwe akutsogolera ntchitoyi, anandilonjeza kuti nkhope aibisa, mawu awasintha. Ndinavomera, n'kusaina pepala.

Pa kamera ndinaulula zomwe sindinauzepo munthu. Mu 1984 amuna anga atavulala kumgodi wa malasha, ndinachotsa mimba. Paja kwathu kuno timati mwana aliyense amabwera ndi loto lake, lomwe mayi ake amalota iye asanabadwe. La ameneyo linali pichesi lalikulu likuyandama mumtsinje, ine n'kulitola ndi siketi. Lotolinso ndinalinena.

Vuto ndi ili. Patapita zaka ziwiri ndinabereka Hyeran, koma iye sindinamulotere kanthu. Tsiku lomwe anandifunsa za loto lake ali wamng'ono, ndinamupatsa la pichesilo. Mpaka lero amanyadira kwa ana ake kuti iye ndi pichesi la amayi.

Sabata yatha adikoni anandionetsa kanemayo. Mawu anga awasandutsa a kamtsikana, ndipo ndinamva ngati mwini lotolo akulinena yekha. Nditawauza zimenezi, adikoni anaseka: "Agogo, ndi makina chabe. Mzukwa ungalowe bwanji mu kompyuta ya mpingo?" Nditapempha kuti adule lotolo, anati pomwepo ndi pamene anthu adzalire.

Chiyambire tsikulo, ndikamatsuka mpunga ndimamva kamawu kaja kumbuyo kwanga. Sikakalipa ayi, kamangobwereza lotolo. Kanemayo aonetsa Lamlungu likubwerali, ndipo Hyeran wagula kale tikiti ya basi kuchokera ku Seoul kuti adzaonere nawo. Nditani?

K.S.R., Taebaek

Amayi K.S.R.,

Kamawuko ndi kanu. Mwakasunga zaka makumi anayi, makina angokachepetsa. Koma mantha anu pa Hyeran ndi oona: nkhope angabise, loto sangabise.

Mawa m'mawa pitani kwa Adikoni Pyo ndi mayi mnzanu amene mumamukhulupirira, ndipo tengani pepala lomwe munasaina. Auzeni poyera kuti lonjezo lawo linali kukubisani, ndipo lotolo likukuululani. Alidule, kapena achotse umboni wanu wonse. Akakana, pitani kwa abusa. Cholinga cha kanema chingakome bwanji, banja lanu lisakhale mtengo wogulira misozi ya omvera.

Ngakhale adule, Hyeran muuzeni. Muitaneni abwere Loweruka, mukhale awiri, zidzukulu zisakhalepo. Yambani ndi mwana amene sanabadwe, kenako lotolo. Mwina akwiya, mwina atuluka osatsanzika. Musamuthamangire, ndipo musamupangire loto lina lomutonthoza nalo. Muuzeni za tsiku lomwe anabadwa, pakuti limenelo ndi lake ndithu. Kamawuko kakapitirira, kaonaneni ndi dokotala, musachite manyazi.

Chenjerani ndi chimodzi: musadikire kuti mwina sazindikira. Mwana amalidziwa loto lake. Asalimve koyamba ali pakati pa mpingo, likunenedwa ndi mawu a mwana wina.

Aphungu