Beta ya kwa Mayi Letay

Lolemba

Kahsay 09:14
alamu chingwe chobiriwira chija chili kwa inu? alendo anayi akufuna tiwakweze ku tchalitchi cha pathanthwe mawa

Weldu 09:31
chili.

Semhal 09:33
MWALA

Semhal 09:33
ababa ndati mwala, bisani mutu

Weldu 09:40
uti.

Semhal 09:41
mayi Letay ogulitsa khofi akusamuka. mwana wawo wawapezera chipinda kuno ku Mekelle. basi ya lachisanu mmawa. azakhali Tirhas andiuza pompano

Kahsay 09:42
[mawu 1:52]

Semhal 09:46
amalume mukudziwa kuti ababa satsegula ma voice. ababa, akuti mayi Letay ndi project yanu, khoma lomwe mwalibwerera tsiku ndi tsiku zaka ziwiri koma phazi likadali pansi

Weldu 10:05
khofi wawo ndi wabwino.

Kahsay 10:06
kkkkk wa mlongo wanga munkatinso ndi wabwino, mpaka Semhal kubadwa

Semhal 10:08
tili ndi beta, nzeru ya pogwira ndi poponda pakhoma limeneli. dzulo potuluka mtchalitchi mayi Letay anauza azakhali china chake. mukuifuna?

Weldu 10:20
ayi.

Semhal 10:20
ababa pliz

Weldu 10:34
lamulo ukulidziwa. munthu ali pakhoma sumuuza pogwira kapena poponda asanafunse. mwala ukamagwa umakuwa, wachita bwino. zinazo khala nazo.

Semhal 10:35
limenelo ndi la pathanthwe

Weldu 10:51
la paliponse.

Lachiwiri

Semhal 13:20
ababa apitako kwa mayi Letay?

Kahsay 13:44
anapita titangotsitsa alendo. ine ndinali tsidya la msewu kwa wometa, kuonera. anakhala. anamwa. anayang'ana nkhuku. ananyamuka

Semhal 13:45
osanena kanthu?

Kahsay 13:45
anati zikomo

Kahsay 13:49
zaka 30 ndikugwira chingwe cha munthu ameneyu. pathanthwe amadutsa pomwe mbuzi imabwerera. koma pa benchi la mayi Letay mwendo umachita makina osokera, kunjenjemera mpaka khofi kutayikira pa thalauza

Semhal 13:52
amalume ingowauzani ababa betayo bas, nthawi palibe

Kahsay 13:58
ine? chaka chija ku Koraro ndinangoti phazi lamanzere mmwamba pang'ono, asanafunse. anatsika, kumasula mfundo, kuyenda wapansi mpaka kunyumba. miyezi iwiri osandipatsa moni. awuze iweyo, ndi bambo ako

Semhal 14:01
ine anandibisira nsapato zokwerera sabata yathunthu ndili ndi zaka 12. sindiyambanso

Weldu 14:30
ndikuwerenga.

Lachitatu

Semhal 08:15
atsala masiku awiri

Semhal 11:50
ababa

Semhal 15:30
amalume, ali moyo?

Kahsay 15:48
ali padenga la mayi Letay, akukhoma lata lomwe silinadonthepo chimangireni nyumbayo. eni ake ali pansi akumanga katundu. timipando tiwiri apatsa kale aneba

Semhal 15:50
ababa crux siili padenga. malo ovutawo ali pansi pomwe pakhala mayiwo ndipo simungawalambalale

Weldu 17:10
lata linali lomasuka.

Lachinayi

Weldu 06:48
Semhal.

Semhal 06:49
ndili pano

Weldu 07:03
Kahsay.

Kahsay 07:04
chingwe ndagwira alamu, nenani

Weldu 07:21
beta.

Kahsay 07:21
[mawu 0:09]

Semhal 07:22
mmenemo akungokuwa, musatsegule

Semhal 07:27
mvetserani. mayi Letay ku Mekelle sakufunako, akuti nyumba yosanja, pophikira pa moto palibe, owadziwa palibe. koma akuti kumudziko atsalire ndani. akuti zaka ziwiri a Weldu amamwa kapu yoyamba, amamwa yachiwiri, madzi achitatu akangokhala pamoto iwo chipewa kumutu. akuti munthu wothawa kapu yachitatu, ya mdalitso, ndiye kuti pakhomopo safunapo kukhala

Semhal 07:28
beta yonse ndi imeneyo. simukufunikanso kulankhula, mwayi wanu. mungokhala mpaka yachitatu

Semhal 07:45
mwaona?

Weldu 07:56
yachitatu ndinkamwa ndi amako.

Semhal 07:59
ndikudziwa ababa

Kahsay 08:14
alamu lero ndilemba, voice ayi. Abrehet anali mlongo wanga inu musanamuone nkomwe, ndiye ndili ndi ufulu wonena. zaka 6 zakwana chimugonekereni. mukachedwa malo amodzi pakhoma, iye ali pansi ndi chingwe, ankakuwa kuti chani?

Weldu 08:30
kwera kapena tsika, ndiwo zikupserera.

Kahsay 08:31
ndiye?

Weldu 08:47
ndikasinthe malaya.

Kahsay 10:05
ndili kwa wometa. anandimeta kale lachiwiri koma ndakhalanso pampando, akufunafuna pometa

Kahsay 10:12
afika. malaya oyera a kutchalitchi. nsapato zopukuta

Semhal 10:12
ndatuluka mu office, ndili pa masitepe. musasiye kulemba

Kahsay 10:33
mayiwo akazinga, asinja, awiritsa. utsi wa lubani ukufika mpaka kuno. yoyamba yalowa

Kahsay 10:51
yachiwiri

Kahsay 10:54
madzi achitatu pamoto. dzanja lapita pa chipewa

Semhal 10:54
ayi ayi ayi

Kahsay 10:55
makina osokera miyendo yonse iwiri, benchi likugwedezeka

Kahsay 10:58
chipewa achiika pansi. achiponda ndi phazi kuti chisathawe

Semhal 10:59
kenako?

Semhal 11:06
amalume

Semhal 11:19
amalume musandichite zimenezi ndili ndi bwana wondidikira

Kahsay 11:32
pepa mwana wanga, ndagwidwa. mayi Letay anandiona pagalasi la wometa. anandiloza ndi supuni, kunyamula mbaula ndi makapu, onse awiri kulowa mnyumba. chitseko atseka. chipewa chatsala panja chokha

Semhal 11:33
ndiye amwa kapena sanamwe

Kahsay 11:35
sindikudziwa. mutu wanga ukuwala ngati mbale, wometa akuti ndizipita

Semhal 12:40
ababa, send?

Semhal 13:25
mwafika pamwamba kapena mwagwa. liwu limodzi lokha, ndi kuchuluka kwa mawu anu kale

Semhal 14:50
basi ndi mawa 6 koloko. ndikawachingamire ku depoti kuno kapena ayi

Weldu 15:22
Kahsay. bulu wako lolemba.

Kahsay 15:23
wa chani alamu

Weldu 15:37
mayi Letay akuti makala atha. ndibweretse matumba awiri.

Semhal 15:37
lolemba?

Semhal 15:38
ababa lolemba likubwerali? lachisanu litadutsa?

Kahsay 15:38
[mawu 2:41]

Semhal 15:44
ababa yankhani mwana wanu

Weldu 16:09
matumba akuluakulu.