Ndime ya a Manasseh

Lolemba, 9 Meyi 1994

Ndili ku ofesi kwa Mai Bwezani, loya amene akundiphunzitsa ntchito. Lelo andipatsa mlandu weniweni. Linah, mkazi wamasiye wa ku Mphamba. Mlamu wake wasuma kukhoti, afuna munda wa fodya ndi ng'ombe, akuti malemu anali atamusudzula kale. Ine ndilembe yankho lotsutsa. Lamulo la Mai Bwezani ndi limodzi: "Ndime iliyonse uiyankhe. Chimene sunakane, wavomela."

Mlamuyo ndi a Manasseh, mkulu wa mpingo kwathu. Ndiwo anandiphunzitsa katekisimu.

Lachinayi, 12 Meyi

Za ng'ombe ndatsutsa, za malile a munda ndatsutsa. Pa ndime ya kusudzula dzanja lakana. Bodza lenileni, mudzi wonse udziwa kuti Linah ndiye anadwazika mwamuna wake mpaka tsiku lomaliza. Koma ine Watipaso ndilembe kuti a Manasseh anama? Kwathu mkulu sumutsutsa pamaso, umangokhala chete, iye amamva yekha. Ndimeyo ndaidumpha. Mai Bwezani ali ku Chipata, yankho ndapeleka kukhoti osawaonetsa.

Lachitatu, 18 Meyi

Kukhoti loya wa a Manasseh sanatuluke n'thukuta komwe. Anangoti, "Zoti anasudzulidwa sanazikane." Ine mutu zyoli. Mai Bwezani apempha mpata wokonza, majisitileti walola monyinyilika, mpaka Lolemba.

Panja Mai Bwezani sanandikalipile. Bola akanakalipa. Anangoti, "Ulemu wako pepala silikuumva. Ukakhalanso chete, munda wapita." Linah wandigwila dzanja ndi manja awili, kuthokoza. Sadziwa. Manyazi.

Sondo, 22 Meyi

Kutchalitchi kwathu. Potuluka a Manasseh andiitana pamaso pa anthu. "Yewo, mwana wane. Mwamuona uyu? Sukulu sinamuwononge. Pepala lake lonse, palibe pamene ananditcha wabodza pa za ukwati zija." Anthu kundiyamika, amama kunyadila. Linah ali chapafupi ndi ana ake, wamva zonse. Anandiyang'ana kamodzi, n'kumanga chitenje, ulendo.

Ndafika kunyumba, ndatenga pepala. Ndalemba: A Manasseh anama. Linah sanasudzulidwe.

Ndidziwa, si mawu a khoti. Mai Bwezani adzafufuta, adzati tilembe "tikukana". Adzakonze okha mawa. Lelo ndimangofuna ndione ngati dzanja langa lingathe.