Ruvarashe Zuze ndi Dziwe Limene Sanatiuze

Kwa bambo Tobiasi Zuze ndi mayi Zelesi, kwa abale onse a kukomboni, ndi kwa anthu a ku Bindura,

Ife a bungwe la Achinyamata Osamala Mtsinje wa Mazowe tikulemba uthenga uno mitima ili m'mwamba, pakuti imfa ya mwana wanu Ruvarashe, mtsogoleri wa ntchito zathu za kumtsinje, amene watisiya Loweruka lapitali ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zokha, yatidzidzimutsa kotero kuti mpaka lero palibe mwa ife amene wakhazikika pansi. Gombe limene anaimapo linagumuka, iye nagwera m'dzenje la okumba golide lodzaza madzi a mvula, ndipo pamene anthu ankamuvuula anali atapita kale.

Ruvarashe ndiye anatiphunzitsa kuti ife a kuno, ngakhale ambiri sitinaionepo nyanja yamchere, tili nayo mangawa a ulemu. Bambo ake anabadwira kumene Zambezi amathira m'nyanjayo, ku Mozambique, ndipo ndiwo anamuuza za mkunga, nsomba yaitali ngati njoka imene imabadwira m'madzi amchere n'kukwera mitsinje mpaka kwathu kuno. Ankati mkunga ukaleka kufika, dziwani kuti mtsinje wadwala, ndipo matenda akewo akutsikira kwa asodzi a kumunsi. Ndi mawu amenewa Ruvarashe anasonkhanitsa achinyamata a kukomboni ya Aerodrome ndi a m'mafamu, anthu amene kale sankapatsana ngakhale moni, nabzala nawo bango ndi mikuyu m'magombe ogumuka. Anayenda pa njinga mpaka ku Kitsiyatota kukakhala pansi ndi makorokoza, anyamata osefa golide aja, nawanyengerera kuti mankhwala ogwirira golide azitsukira kutali ndi mtsinje. Ena anamutukwana, ena anamvera, ndipo iye ankabwerera kwa magulu onse awiri sabata yotsatira.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sanatipatse. Pali dziwe lina m'mbali mwa Mazowe limene mkunga umafikabe, ndipo mwa mwambo wa kwawo kwa bambo Zuze malo otere sanenedwa pagulu: kholo limatenga mwana mmodzi, n'kuyenda naye wapansi, n'kumuonetsa. Ine Cephas Kalinde, wapampando wa bungweli, ndinamuvutitsa zaka ziwiri kuti aike malowo pa mapu a m'foni. Ankangoseka.

"Aiwa, mukoma Cephas," ankatero pokana, akunditcha mkulu wake m'Chishona. "Ndikaika pa foni lero, mawa mupezapo mafosholo. Inu a m'tauni chilichonse mumafuna muchitumize pagulu."

Kampani ina yapempha chilolezo chokumba chigawo chonsecho cha mtsinje. Lachinayi likubwerali kukubwera mkulu wina woona za chilengedwe, ndipo Ruvarashe anali atavomera, bambo ake atalola, kuti amutenge munthu mmodziyo wapansi kukamuonetsa dziwelo kuti lichotsedwe m'malire a mgodi. Tsopano Lachinayi likubwera, ndipo ife tonse makumi anayi sitikudziwa kumene dziwelo lili.

Pano ndiyenera kunena chimene chikundisowetsa mtendere, chifukwa chipepeso chobisa mawu n'chopanda pake. Amene anamutuma Ruvarashe ku maenje aja ndine. Ndinkafuna zithunzi zoti tikaonetse mkulu uja, ndipo ngakhale iye anandiuza kuti mvula yagwa masiku atatu ndipo dothi lafewa, ine ndinati nthawi yatha, apite basi. Ankalidziwa dothi kuposa ine, koma anandilemekeza ngati mkulu wake, napita. Ndikuchita manyazi, ndipo ndikumva chisoni chimene sindidziwa pochitula.

Titafika pa siwa kudzakhuza maliro, bambo Zuze, munatilandira mwaulemu umene sunatiyenere. Munandigwira dzanja nthawi yaitali, kenaka munati, "Mwanangu, ine ndinamuonetsa madzi amoyo. Za maenjezo anaphunzira kwa inu." Simunakweze mawu.

Dzulo tinakumana, ndipo msonkhano wake unali wosakoma. Mlembi wathu Staford anaimirira nati, "Abale, Sekuru Zuze ndi okhawo atsala odziwa dziwelo. Tikapanda kuwafunsa, ntchito ya Ruva yafera pomwepo." Ena anamuvomereza, ena analira, ena anatuluka n'kubwereranso. Staford sananame, ndipo nane lilime likundiyabwa kuti ndifunse. Koma munthu sungamutengere mwana Loweruka n'kubwera Lachinayi kudzamupempha cholowa cha mwanayo.

Choncho m'malo mwa mamembala onse a bungwe lathu, ndiponso m'malo mwa achinyamata a m'mipingo ndi a m'makomboni amene anayenda naye m'matope, tikupereka chipepeso chathu kwa inu bambo ndi mayi, kwa alongo ake ndi kwa fuko lonse. Monga timanenera m'Chishona pokhuza maliro: nematambudziko. Mulungu amene amadziwa njira ya madzi onse akupatseni mphamvu m'masiku ano, ndipo akugwirizizeni pamene anthu adzabalalika n'kukusiyani nokha m'nyumba.

Mkulu woona za chilengedwe uja tamulembera kuti tilibe womuperekeza. Lachinayi tidzakhala pakhomo panu kuyambira m'mawa, kutunga madzi ndi kuwaza nkhuni, ndipo palibe mmodzi wa ife amene adzatchule za dziwe. Ngati litayike, litayike. Mwataya kale zokwanira chifukwa cha ife.

Ine wanu wolira nanu,

Cephas Kalinde
Wapampando, Achinyamata Osamala Mtsinje wa Mazowe
Bindura